Kutsata Phazi la Achimwene pa Mapiri a Mchinji

Mapiri a Mchinji ndinakula ndikuwaona, koma ndinawakwera kamodzi kokha, ndipo ulendowo sunali wokaona malo. Ndinkafunafuna achimwene anga, amene anakana mpeni wa kuchipatala n'kukwera kumeneko ndi phazi limene linali litayamba kuwola.

Achimwenewo ndi oyamba kubadwa m'banja mwathu, ine ndine chitsirizira. Makolo athu atamwalira, ndi iwo amene anandisunga mpaka ndinamaliza maphunziro n'kuyamba ntchito ku Lilongwe. Anakwatira chakumadzulo kwa Mkanda, m'mudzi wa m'tsinde mwa mapiriwo, ndipo ankakhala pa chikamwini, kulima fodya ndi mtedza m'minda ya akuchikazi. Anali munthu wa khasu, wosachulutsa mawu. Matenda a shuga atawapeza sanasinthe kanthu pa kagwiridwe kawo ka ntchito, ndipo mankhwala ankamwa akakumbukira. Kenako kunsi kwa chala chachikulu cha phazi lamanzere kunatuluka kachilonda kosaposa njere ya chimanga, kamene sikanafune kupola. Kanadutsa nyengo yokolola, kanadutsanso yozizira. Pofika m'chilimwe madokotala anati mbali ya kutsogolo ya phazilo iyenera kuchotsedwa, apo ayi kuwolako kukwera mwendo. Anawapatsa tsiku. M'mawa wa tsiku limenelo achimwene anavala majombo awo a kumunda, natenga Baibulo, jekete ndi kabotolo ka madzi, nauza akazi awo kuti akupita kuphiri kukasala kudya.

Zimenezi si zachilendo kwathu. Anthu opemphera amakwera mapiriwo chaka chonse, ena tsiku limodzi, ena sabata yathunthu, osadya kanthu, kumwa madzi dzuwa likalowa basi. N'chifukwa chake alamu anga, akazi a achimwenewo, sanandiimbire foni msanga. Munthu amene wapita kukapemphera sanenedwa kuti wasowa, pakuti kutero kuli ngati kunena kuti Mulungu walephera kumusunga. Pamene anandiimbira, anangoti masiku apitapo, anzawo amene anakwera nawo anatsika, koma iwo sanatsike, ndipo mapilitsi awo ali pa zenera pamene anawasiya.

Ndinakwera minibasi mpaka pa Boma, kuchoka apo kabaza wa njinga yamoto. Alongo awo a alamu anandilandira mwaulemu wonse. Anandipatsa mpando, anafunsa za ku Lilongwe, ndipo titafika pa nkhaniyo anafotokoza modekha kuti iwo sangakwere kukatsitsa munthu wamkulu amene ali pakati pa mapemphero, ndiponso kuti matenda a mkamwini ali ndi eni ake. Mwini wakeyo anali atafika, ndipo anali ine. Motero m'bandakucha tinanyamuka awiri, ine ndi alamu, titatenga zigubu ziwiri za madzi, mbatata yophika, mpeni ndi mapilitsi aja.

Maganizo anga anali akuti munthu wodwala phazi sangapite patali. Tikawapeza pa nsonga yoyamba, pamene anthu a mpingo wawo amapempherera, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo tikhala titatsika. Alamu anagwirizana nazo, ngakhale chifukwa chawo chinali china: anati amuna awo sakonda malo achilendo.

Unali Okutobala, ndipo moto unali utadutsa kale m'munsi monse mwa phiri. Tinkaponda phulusa ndi zitsa za udzu zobaya akakolo. Mitengo ya mombo inali itaphuka masamba ofiira, monga imachitira mvula isanagwe, koma masambawo anali aang'ono, osapereka mthunzi. Nyenje zinayamba kulira kusanatenthe n'komwe. Alamu ankayenda patsogolo, chigubu chili pamutu, atavala nsapato za pulasitiki zimene ankapita nazo kuchigayo, ndipo sankacheuka. Titakwera chitunda choyamba anaima n'kundidikira.

“Alamu, mapapo munawasiya mu ofesi kodi?” anatero. “Mukupuma ngati ng'ombe ya pangolo.”

Ndinayankha kuti ng'ombe ya pangolo ikafika imapatsidwa madeya. Iwo anati nanenso ndikafika ndipatsidwa. Tinaseka pang'ono, monga alamu amasekerana, ndipo sindikukumbukira kuti tinasekanso tsiku limenelo.

Pa nsonga yoyamba pali thanthwe lalikulu lathyathyathya, lodetsedwa ndi sera ya makandulo ndi phulusa la moto wa anthu ogona pomwepo. Tinapezapo amayi angapo ovala mipango yoyera, atakhala pansi, milomo itauma, akupuma pakati pa nyimbo ina ndi inzake. Alamu anagwada n'kuwapatsa moni. Atawafotokozera munthu amene tikumufuna, amayiwo anawadziwa achimwene nthawi yomweyo. Anati bamboyo anakhala nawo pamenepo, anapemphera mwamphamvu, kenako ananena kuti aloza kumpoto, akapemphere pa nsonga iliyonse mpaka yomaliza. Wamkulu wa amayiwo anafotokoza nkhope ikuwala kuti bamboyo anafika akutsimphina, koma pochoka ankayenda ngati mnyamata, ndipo anachitira umboni pamaso pa onse kuti ululu wa phazi watheratu. Anzake anavomera kuti aleluya, motsitsa mawu chifukwa cha ludzu.

Alamu anandiyang'ana, ndipo m'maso mwawo ndinaona chiyembekezo chimene sindinafune kuchiona. Shuga akakhalitsa m'thupi amapha mitsempha ya kumapazi. Ululu ndi mlonda wa thupi, ndipo ukaleka kukuwa si kuti mbala yachoka, koma kuti mlondayo wafa. Sindinanene zimenezi pamaso pa amayiwo. Ndinazinena titachokapo, mwachidule, ndipo alamu anangoti amva.

Munthu akamaona mapiriwa ali kudambo, amaoneka ngati khoma limodzi losalala pamwamba, loti utangokwera kamodzi ukhoza kuyenda pamsana pake ngati pa msewu. Ali pamwambapo amazindikira kuti nsonga iliyonse ili payokha. Pakati pa ina ndi inzake pali mpata wakuya, ndipo zonse zimene wakwera uyenera kuzibweza potsika, kuti uzigulenso ndi mawondo omwewo. Njira ya pamsanapo ndi ya anthu otentha makala. Imakhota pakati pa miyala, imasowa, imaonekanso patsogolo pa chitsa china. Kudzanja lamanja kunali kwathu, minda yofiira yodikira mvula, zigafa za fodya, ndi timizere tobiriwira ta nazale m'mphepete mwa madambo. Kudzanja lamanzere kunali Zambia, wofanana ndi kwathu m'zonse, wophimbidwa ndi utsi womwewo. Pena pake foni yanga inalira ndi uthenga wondilandira m'dziko la eni, ndisanachotse phazi pa dothi la Malawi. Ndinaithimitsa.

Nsonga yachiwiri tinaipeza yopanda munthu. Inali yaing'ono, ya miyala yosanjikizana, ndipo mphepo yotentha inkaomba kuchokera kuchigwa. Panali phulusa lozizira, ndi malo pamene munthu anasesa timiyala kuti agone. Pansi pa mwala wina alamu anapeza bandeji. Inali yopindidwa bwino, monga achimwene ankapindira thumba lililonse la feteleza likatha, ndipo inali itauma gwa ndi mafinya ndi magazi. Munthu amene anaivula anali atatsimikiza kuti sakuifunanso. Alamu anaitenga ndi timitengo tiwiri, nakumba kadzenje ndi mpeni, naikwirira, chifukwa chinthu chochokera pa thupi la munthu sasiya poyera. Kenako anasamba m'manja ndi dothi, osati ndi madzi.

Tinadya mbatata titaimirira. Chigubu choyamba chinali chitatsika kupitirira theka, ndipo tinagwirizana kuti chachiwiri sitichitsegula, ndi cha achimwene. Dzuwa linali litafika paliwombo. Miyala inkatentha moti kugwira ndi dzanja potsika kunali kovuta.

Mpata wotsatira unali wakuya kuposa woyamba. Pansi pake panali uvuni wa makala wosiyidwa, dothi lake likufukabe pang'ono, ndi mitengo yodulidwa mpaka m'mawondo kuzungulira ponse. Tinakhala mumthunzi wa mwala, ndipo ndi pamenepo pamene ndinafunsa funso limene ndinali nalo kuchokera ku Lilongwe. Ndinafunsa chifukwa chake sanawakakamize achimwene kupita kuchipatala tsiku lija, popeza ana awo aamuna ndi akuluakulu ndipo akanatha kuwakweza pa njinga. Ndinayesetsa kuti lisamveke ngati mlandu, koma linamveka choncho.

Alamu sanakwiye. Anayamba amanganso mpango wawo, kenako anati: “Ndikanawakokera kuchipatala ine, n'kubwerako opanda phazi, alongo anu akanati chiyani? Akanati mkazi uja wadya thukuta la mbale wathu zaka zonsezi, tsopano wamudula. Inu mukanawatsutsa muli ku Lilongwe?”

Sindikanawatsutsa, ndipo mwina sindikanamva n'komwe kuti akunena zimenezo. Kwathu mkazi amasamala mwamuna wodwala, amamusambitsa, amagona pansi m'chipatala pambali pa bedi lake, koma thupi la mwamunayo si lake. Ndi la mbumba imene anabadwiramo. Kale mawu otere akananena ndi amalume athu, koma amalume anali atamwalira, alongo athu ali ku maukwati awo kutali, ndipo udindowo unali utagwera ine popanda wondiuza. Ndinkatumiza ndalama za mankhwala ndi kufunsa pa foni kuti chilonda chili bwanji, ndipo ndinkaona ngati mbali yanga ndi imeneyo.

Alamu anandiuzanso zimene achimwene ananena tsiku lina akuthirira nazale, madokotala atangotchula za kudula. Anati mkamwini ndi khasu la pamudzi, ndipo khasu likathyoka mpini amaliponya kuseri kwa nkhokwe. Sanabwerezenso mawuwo. Alamu anati anawayankha kuti asayankhule zopanda pake, koma anaona kuti yankho lawolo silinalowe.

Kukwera nsonga yachitatu kunali kogwira ndi manja. Panali malo ena pamene njira inkadutsa pa thanthwe lopendekeka, pansi pake pali phompho, ndipo ndinadutsapo chokwawa, osayang'ana kumbali. Ndinkayesa kulingalira munthu wa zaka za achimwene, wosadya masiku angapo, akudutsa pomwepo ndi jombo lodzaza mafinya, ndipo ndinkalephera. Komabe pa dothi la pakati pa miyala panali mapazi a majombo, lamanja lozama, lamanzere lokwekwereza. Anyani anatiyang'ana ali pa mwala wapamwamba, osasuntha, ngati anthu amene aona ambiri akudutsa.

Tisanafike pamwamba tinamva mawu a munthu akukuwa. Alamu anafulumira, koma sanali achimwene. Anali bambo wina wochepa thupi, wovala suti yakuda yothimbirira ndi fumbi, ataimirira m'mphepete mwa thanthwe, manja ali m'mwamba, akupemphera chofuula ndi mawu osasa. Ankatchula ana ake mmodzimmodzi, ankatchula ntchito imene anachotsedwa, ankadzudzula mizimu imene inatseka njira zake, kenako n'kuyambiranso. Ndinafuna kumugwira paphewa kuti tingomufunsa funso limodzi. Alamu anandigwira mkono. Munthu akamayankhula ndi Mulungu samudula mawu. Tinakhala pansi pa dzuwa n'kudikira, ndipo mthunzi wa miyala unayamba kutalika tikuona. Sindinganene kuti kudikirako kunasintha kanthu pa phazi la achimwene, pakuti linali kale mmene linaliri. Koma ndikukumbukira mkwiyo wozizira umene ndinali nawo, wopanda woulozera, popeza bamboyo sanatilakwire ndipo alamu sanalakwe.

Atanena ameni, anatipatsa moni mofatsa ngati tili pakhonde la nyumba yake. Anati dzulo lake anaona bambo wa majombo akulowera ku nsonga yomaliza, akuyenda pang'ono n'kukhala pansi, kuyenda pang'ono n'kukhala pansi. Anamuitana kuti apemphere limodzi, koma bamboyo anangokweza dzanja. Madzi analibe, anatero, ndipo iyenso analibe oti n'kumugawira.

Msana wopita ku nsonga yomaliza ndi wopapatiza, ndipo mbali zonse ziwiri n'zotsetsereka kwambiri. Kumbali ya Zambia moto unali ukukwera phiri, utsi wake n'kumatiphimba nthawi ndi nthawi, moti tinkayenda tikutsokomola. Chigubu chathu chinali chitatha. Lilime linkamatirira kumwamba kwa m'kamwa. Alamu anali atasiya kundidikira. Patsogolo, pamwamba pa nsongayo, akhwangwala ankazungulira. Tonse tinawaona ndipo palibe amene anawatchula. Akhwangwala amazungulira nsonga iliyonse masana chifukwa cha mphepo yokwera, ndinadziuza choncho, ndipo n'zoona, koma miyendo yanga sinamve.

Tinawapeza atakhala mumthunzi wa mwala waukulu, atatsamira, miyendo atatambasula, Baibulo lili pamiyendo lotseka. Anali amoyo. Nkhope inali italowa, milomo itang'ambika, maso ali ofiira koma akuona bwino. Fungo tinalimva tisanawafike. Alamu anagwada chapatali pang'ono monga amachitira kunyumba, nawafunsa kuti aswera bwanji. Achimwene anayankha kuti aswera bwino, kaya iwo. Kenako anandiyang'ana ine.

“Wabwera,” anatero. “Ku ntchito wasiya ndani?”

Ndinati ndapempha tchuthi. Anafunsa alamu kuti nazale akuthirira ndani, ndipo atamva kuti ana, anati ana amathira madzi ambiri mbali imodzi. Alamu anatsegula chigubu n'kuwapatsira ndi manja awiri. Achimwene anapukusa mutu, naloza dzuwa ndi chibwano. Linali lisanalowe, ndipo sakanaswa kusala kwawo pa tsiku lomaliza, pa nsonga yomaliza, chifukwa choti tabwera ife.

Mawu awo ankatuluka movutikira, koma maganizo anali olongosoka. Anandiuza kuti ndicheuke ndione kumene achokera. Ndinacheuka. Nsonga zonse zinali pamzere kumbuyo kwathu, yoyamba ija itasanduka kachitunda kotuwa mu utsi.

“Phazi loti alidule lingayende mapiri onsewa?” anatero. “Iwe wophunzira, tandiuza. Silikupwetekanso n'komwe.”

Ndinawafotokozera za mitsempha, pang'onopang'ono, ndi mawu osavuta amene ndinatha kupeza. Anamvetsera mwaulemu monga ankamvetserera wailesi ikamanena za nyengo, ndipo nditamaliza anati mwina zimatero kwa ena. Mfundo yanga inali yoona, yawo inali ndi mapiri anayi kumbuyo kwake.

Alamu ndi amene anasendera pafupi. Anati, “Tiyeni tilione phazi lochiralo, bambo, nafenso tiyamike.” Sindikudziwa mpaka lero ngati ankanena mochenjera kapena ankayembekezeradi. Achimwene anavomera mosavuta, ngati munthu amene alibe chobisa. Jombo linakana kuvuka chifukwa mwendo unali utatupa mkati mwake. Alamu analicheka ndi mpeni kuchokera pamwamba mpaka pachidendene, mosamala, n'kulitsegula.

Sindifotokoza zonse. Zala zinali zakuda, ndipo kudako kunali kutadutsa pamene madokotala analoza, kufika m'kakolo. Pamwamba pake khungu linali lofiira, lonyezimira, mpaka pakati pa msongolo. Kunsi kwa phazi kunali kamtengo kosongoka, chotsalira cha chitsa chopsa ndi moto, kamene kanaboola jombo n'kulowa m'mnofu kutalika ngati chala. Kanali katakhalamo nthawi, pakuti mnofu unali utatupa mokazungulira. Ntchentche zinafika nthawi yomweyo, sindikudziwa kuchokera kuti pamwamba ngati pamenepo.

Achimwene anawerama n'kuyang'ana nthawi yaitali. Anakhudza kamtengoko ndi chala, nakagwedeza pang'ono, akuyang'anabe, ngati akudikira kuti phazilo liwayankhe.

“Sindinamve,” anatero.

Alamu anang'amba chitenje chawo, naphimba phazilo kuti ntchentche zichoke. Atatero anatembenukira kwa ine, osakweza mawu.

“Eni ake ndinu, alamu. Nenani.”

Pa ntchito yanga ndimayankhula pamaso pa anthu kawirikawiri, ndipo kupereka chigamulo si chinthu chachilendo kwa ine. Koma munthu uyu anandiphunzitsa kugwira khasu, anandimenyapo chifukwa chothawa sukulu, ndipo chibadwire ndinali ndisanamulamulepo ngakhale kuti asendere. Ndinagwada, chifukwa sindikanatha kunena zimenezo nditaimirira iwo ali pansi.

“Achimwene, tikutsika tsopano lino,” ndinatero. “Mwendowu akaudule. Ndanena ndine, m'malo mwa amalume ndi m'malo mwa alongo athu, ndipo wofuna kufunsa adzafunse ine.”

“Wati mwendo. Adokotala anati phazi.”

“Anati phazi musanakwere kuno.”

Anatseka maso. Kenako anafunsa, osayang'ana aliyense, kuti munthu wa mwendo umodzi amakhala bwanji pamudzi pa eni. Alamu anayankha kuti nyumba imene ili pamudzipo anamanga ndi achimwenewo, ana amene ali m'menemo ndi awo, ndipo wofuna kuwathamangitsa ayambe wathamangitsa mayi wa anawo. Anayankhula mwaukali pang'ono, ngati akukalipira munthu woiwala chipewa kumunda. Sindikudziwa ngati achimwene anakhulupirira. Alongo awo a alamu, amene mawu awo ndi amene akanalemera pa nkhani imeneyo, sanali pamenepo.

“Wanena iwe,” anatero achimwene kwa ine. Anapereka Baibulo kwa akazi awo, natambasula manja kuti tiwadzutse. Anangoika lamulo limodzi, lakuti madzi samwa mpaka dzuwa litalowa.

Kubwerera njira ya pamsana sikukanatheka. Tinatsikira kum'mawa, molunjika, m'khwawa louma limene linkaoneka kuti likathera ku minda. Achimwene anakoleka mkono umodzi pakhosi panga, wina pakhosi pa alamu, phazi lodwalalo litakulungidwa m'chitenje ndi m'zotsala za jombo. Thupi lawo linali lotentha ngati mbaula, ndipo linali lopepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Pamiyala ikuluikulu ndinkatsika ine poyamba, alamu n'kuwatsitsira pamsana panga. Malo ena tinkawakhazika pansi n'kuwakoka chotsetsereka pa masamba ouma. Kawiri konse miyendo yawo inafooka n'kutigwetsa tonse atatu. Anayamba kuyankhula zosagwirizana, kundifunsa ngati ndatsekera mbuzi zimene tinali nazo ndili mwana. Ndinkayang'ana milomo yawo ndi chigubu chodzaza chimene alamu anamangirira kumsana, ndipo ndinkadziwa kuti ludzu likhoza kuwapha msanga kuposa phazilo.

Khwawalo linkalowa mkati mwa phiri, ndipo titatsika ndithu, msana uja unatiphimbira dzuwa. Mthunzi unatigwera mwadzidzidzi, nyenje zinachepetsa kulira. Alamu anaima, namasula chigubu.

“Bambo, dzuwa lalowa,” anatero.

Patsogolo pathu, kupyola pakamwa pa khwawalo, chigwa chonse chinali chikadali pa dzuwa. Malata a esiteti ina ankanyezimira, ndipo ng'ombe zinali zikadali kudambo. Achimwene anakweza mutu n'kuyang'ana kumeneko. Anayang'ananso kumbuyo, kumene phiri linali litaima lakuda pakati pa ife ndi dzuwa. Ankadziwa bwino lomwe nthawi imene inali, pakuti moyo wawo wonse anayendera dzuwa, osati wotchi. Anapemphera mawu ochepa amene sindinawamve, nalandira chigubucho. Alamu ankawalanda pakapita kanthawi kuti asamwe mothamanga, n'kuwapatsanso. Zotsala tinagawana awirife.

Tinatulukira m'mphepete mwa esiteti ija kukuyamba kuda. Matenanti a pamenepo, anthu ochokera kum'mwera malinga ndi kayankhulidwe kawo, anaona phazilo ndipo sanafunse zambiri. Anamanga ng'ombe pa ngolo n'kutiperekeza mpaka pamsewu, pamene tinapeza galimoto yopita ku Boma. Kuchipatala anayamba alimbana ndi shuga ndi kutentha kwa thupi, ndipo zitatsika, anadula mwendowo m'munsi mwa bondo. Dokotala wachitsikana amene anatifotokozera anati akanabwera tsiku limene anawapatsa lija akanatsala ndi chidendene choti n'kupondera. Ananena zimenezi kwa ine pakhonde, ndipo ine sindinazipititse kwa wina aliyense.

Achimwene anabwerera kumudzi kuja ndi ndodo ziwiri. Palibe anawathamangitsa. Palibenso amene amawafunsa za minda monga kale, ndipo alamu awo aamuna akamagawana malo olima amakambirana kuseri, n'kudzawauza zitatha. Nyengo ya fodya amakhala m'chigafa pamodzi ndi amayi, kusankha masamba ndi kumanga mapindi, ntchito imene amaigwira mwaluso ndiponso mwakachetechete. Kutchalitchi amapitabe, atakwezedwa pa njinga. Za kuphiri sitinakambiranepo, ine ndi iwo.

Alongo athu atabwera kudzawaona, anafika ndi nkhope zokonzekera mlandu, ndipo anakhala moyang'anana ndi alamu. Achimwene sanadikire kuti afunse. Anati mwendowo anadula ndi mng'ono wawo, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Kuyambira pamenepo amanena choncho kwa aliyense wofunsa. Sanena mokwiya, ndiponso sanena mothokoza. Amanena monga munthu amanenera amene anafolera nyumba.

Ulendo wina nditapita kukawaona, kunabwera mlendo, bambo wachikulire amene analima nawo fodya kalekale ndipo anali asanamve. Atakhala pa mpando anaona buluku lopindidwa ndi kumangidwa ndi chingwe pa bondo, nagwira pakamwa, nafunsa kuti zachitika bwanji. Achimwene anali akusenda mtedza m'lichero. Sanakweze mutu, anangondiloza ndi chibwano.

“Ndi uyu,” anatero.

Mlendoyo anatembenuka n'kundiyang'ana, osadziwa ngati ayenera kundithokoza kapena kundipepesa. Potsiriza anadzuka, nandipatsanso moni ndi manja awiri, ngakhale tinali titapatsana kale, ndipo ine ndinaulandira.